Momwe Mungasungire Mbewu Zamakolo ndi Kuteteza Malo Omera Bowa

Mbewu yamakolo imatha popanda anthu kuzindikira. Mabanja amene ankaibzala amachepa pang'onopang'ono. Wina wayamba haibulidi, wina nkhokwe yake yalowa anankafumbwe, wina wadya mbewu m'chaka cha njala, mpaka mbewuyo imatsalira gogo mmodzi. Gogoyo akadwala nthawi yobzala, mtunduwo wapita. Bowa wakutchire nayenso amatha mwa njira yomweyo. Mitengo ikagwetsedwa ndi zulu kufafanizidwa, mvula imagwa monga kale koma bowa saphukanso. Malangizo awa ndi a munthu, banja kapena gulu la alimi m'mayiko otentha amene akufuna kuti zimenezi zisachitike kwawo, ndipo mfundo yake ndi imodzi: mbewu imasungika ikamabzalidwa, bowa amasungika malo ake akasiyidwa amoyo.

Kudalira mtundu umodzi kwaphetsa kale anthu. Mu 1845 matenda a chiwawu anagwira mbatata ya kachewere ku Ireland, kumene osauka ambiri ankadalira mtundu wotchedwa Lumper, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa m'zaka zotsatira. M'zaka za m'ma 1950 matenda a Panama anawononga minda ya nthochi ya Gros Michel ku Central America. M'malo mwake munalowa Cavendish, yomwe lero ikuvutika ndi mtundu watsopano wa matenda omwewo wotchedwa TR4. Chipulumutso nthawi zambiri chimachokera ku mbewu yonyozeka. Kachilombo ka grassy stunt katavutitsa mpunga ku Asia, akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines anapeza mphamvu yolimbana nako mu mpunga wakutchire wa ku India wotchedwa Oryza nivara, umene mlimi aliyense akanauzula ngati udzu.

Choyamba, chitani kalembera

Musanasunge kanthu, dziwani zomwe zilipo. Tengani kope muyendere anthu achikulire, makamaka amayi, chifukwa m'madera ambiri ndiwo amasankha ndi kusunga mbewu. Pa mtundu uliwonse wa mapira, mawere, mchewere, mpunga, khobwe, nzama, nandolo, maungu, chinangwa, mbatata kapena zilazi, lembani dzina lake, amene ali nawo, nthawi imene umatenga kuti ukhwime, nthaka imene umakonda, momwe umachitira pa chilala kapena mvula ikachuluka, ndi momwe umasungikira. Funsaninso chifukwa chimene mwini wake sanausiye. Yankho limenelo ndilo limaonetsa phindu lenileni la mtunduwo, kaya ndi kusagwidwa ndi mbalame, kupsa msanga pamoto, kapena kucha njala isanafike pachimake.

Kenako gawani mitunduyo m'magulu anayi pofunsa mafunso awiri: kodi ukubzalidwa ndi mabanja ambiri kapena ochepa, nanga pa malo aakulu kapena aang'ono? Mitundu yomwe ili ndi mabanja ochepa komanso malo aang'ono ndiyo ili pangozi. Yambirani pamenepo chaka chino, enawo angathe kudikira.

Mayina asakunamizeni. Mtundu umodzi umatha kukhala ndi mayina atatu m'midzi itatu, ndipo dzina limodzi limatha kuphimba mitundu iwiri yosiyana. Mukakayika, bzalani mbewuzo m'mizere yoyandikana, muyerekeze masamba, maluwa, kutalika ndi tsiku lokhwima. Zokolola za m'mizere yoyerekezerayi musazisunge ngati mbewu, chifukwa zikhoza kukhala zitasakanikirana.

Chachiwiri, dziwani momwe mbewu iliyonse imaberekera

Apa ndi pamene ntchito yambiri imawonongekera, choncho tikhalitsepo.

Chimanga chimalandira mungu kuchokera ku mapesi ena, ndipo mphepo ndiyo imaunyamula kuchokera ku ngayaye kupita ku ndevu. Munda wanu wa chimanga chamakolo ukayandikana ndi wa haibulidi, ndipo zonse zikamasula nthawi imodzi, mbewu yanu yasakanikirana ngakhale njere zake zioneke bwino. Siyani mtunda wa mamita osachepera 200 pakati pa minda iwiriyo. Ngati malo salola, siyanitsani nthawi yobzala ndi masabata 3 kapena 4 kuti kumasula kusakumane. Zonsezi zikakanika, tengani mbewu pakati penipeni pa munda, mizere ya m'mphepete ikhale yakudya. Chinanso chimene ambiri sachilabadira ndi kuchuluka kwa mapesi. Mukamatenga mbewu pa zitsononkho zisanu zokongola chaka ndi chaka, chimangacho chimafooka chifukwa chikuberekana pachibale: mapesi amafupika, zokolola zimatsika, ndipo anthu amayamba kunena kuti mtunduwo watopa. Tengani njere pa mapesi 100 mpaka 200, pang'onopang'ono pa lililonse, n'kuzisakaniza.

Nyemba, khobwe, nzama, mtedza ndi mpunga nthawi zambiri zimadzipatsa zokha mungu duwa lisanatseguke bwino. Mamita ochepa pakati pa mitundu amakwanira. Vuto lalikulu pa mbewu zimenezi ndi kusakanikirana pa mkeka wopunthira ndi m'matumba, choncho sesani malo musanayanike mtundu wina. Mapira amadzipatsa okha mungu koma amalandiranso wa anzawo pang'ono. Ngati muli ndi mitundu ingapo pafupi, vekani ngala zosankhidwa timatumba ta pepala zisanayambe maluwa, n'kudzachotsa njere zikayamba kupanga. Nandolo amakondedwa ndi njuchi, choncho amasakanikirana kwambiri kuposa nyemba, ndipo mitundu yake iyenera kutalikirana.

Maungu ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chimodzi. Lalikazi limadziwika ndi kadzungu kamene kali kumunsi kwake. Madzulo mangani ndi kaulusi maluwa amene akuoneka kuti atseguka mawa. M'mamawa thyolani lamphongo la chomera china cha mtundu womwewo, mupake mungu wake m'kati mwa lalikazi, mumangenso, ndipo muike chizindikiro pa tsinde kuti dzungu limenelo musalidye lisanakhwime.

Chinangwa, mbatata, zilazi ndi nthochi sizisungidwa m'botolo. Zimafalitsidwa ndi mitengo, kholowa, zidutswa kapena ana, choncho nkhokwe yake ndi munda. Matenda amayenda limodzi ndi mbewuyo. Khate la chinangwa ndi matenda owoletsa mizu yake amapita ku munda watsopano kudzera mu mitengo yodwala, choncho dulani mitengo pa zomera za masamba athanzi zokha, ndipo zodwala zizulidwe msanga. Kholowa amafunika kadimba kothirira m'chilimwe, apo ayi mtunduwo umafa mvula isanabwere. Njere za mango, mapeyala ndi koko nazonso zimafa zikauma, zimafuna kubzalidwa zikadali zaziwisi.

Njere za haibulidi musazilowetse mu ntchito imeneyi. Mbadwo wachiwiri sufanana ndi woyamba.

Chachitatu, sankhani mbewu ikadali m'munda

Chitsononkho chachikulu cha m'nkhokwe sichikuuzani ngati phesi lake linagwa ndi mphepo, kapena ngati linakula chifukwa linali lokha pa malo a manyowa. Yendani m'munda mbewu ikamakhwima, mumange kansanza pa zomera zathanzi, zosagwa, zokhwima pa nthawi yake. Pa chimanga yang'anani makoko otseka bwino kunsonga, chifukwa amatchinga madzi ndi anankafumbwe. Musasankhe zofanana kwambiri. Mbewu yamakolo imakhala ndi kusiyana m'kati mwake, zina zocha msanga, zina zopirira, ndipo kusiyanako ndiko kumapulumutsa munda chaka chikavuta. Chotsani zodwala ndi zooneka kuti ndi zamtundu wina, zotsalazo zilowe zonse. Kololani mbewu payokha zokolola zina zisanayambe kututidwa.

Chachinayi, umitsani ndi kutseka

M'mayiko otentha adani a mbewu ndi chinyontho ndi kutentha. Akatswiri a mbewu amagwiritsa ntchito lamulo la Harrington, lomwe limati chinyontho cha m'njere chikatsika ndi 1 peresenti, moyo wa mbewu umawirikiza kawiri, ndipo kutentha kukatsika ndi madigiri pafupifupi 5, umawirikizanso. Yanikani pa mkeka kapena pa thandala, pamthunzi podutsa mphepo kapena pa dzuwa la m'mawa. Pa malata ndi pa simenti yotentha masana, kamtima ka njere kamapsa.

Kuti mudziwe ngati zauma, tengani botolo louma lagalasi, muikemo njere zodzaza dzanja ndi mchere wouma bwino, mutseke, mukhutchumule, n'kulisiya kwa mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, njere zikadali ndi madzi, yanikaninso. Nyemba youma imathetheka ikalumidwa, siphwatalala.

Mbewu youma ilowe m'chotengera chosalowa mpweya: botolo la chivindikiro cholimba, chigubu, kapena matumba a PICS amene ali ndi mapulasitiki awiri m'kati. Dzazani mpaka pakamwa, chifukwa mpweya ukachepa tizilombo timafa tokha. Phulusa losefa losakaniza ndi njere limathandizanso, ndipo mbewu yopachikidwa pa utsi imatetezeka bola isayandikire moto. Koma mbewu yonyowa musaitsekere, imachita nkhungu m'masiku ochepa. Lembani dzina, chaka ndi kumene yachokera pa timapepala tiwiri, kena kunja kena m'kati. Sungani pamalo amdima, ozizirirapo, osakhudza pansi.

Chachisanu, yesani kameredwe, bzalaninso, gawirani ena

Mwezi umodzi mvula isanagwe, werengani njere 100, muziyale pa nsalu yonyowa, muipinde, n'kumaiwaza madzi tsiku lililonse. Pakatha masiku 7 mpaka 10 werengani zomera. Zikakhala zosakwana 85, mtunduwo ubzalidwe chaka chomwecho kuti mupeze mbewu yatsopano. Mtedza ndi soya zimataya mphamvu msanga chifukwa cha mafuta ake, pomwe mapira ndi mawere zimapirira zaka zingapo. Musabzale mbewu yonse pa mvula yoyamba. Siyani gawo m'botolo kuti ng'amba ikapha zomera mukhale ndi pogwira.

Mtundu uliwonse ukhale ndi mabanja osachepera atatu, ndipo ngati n'kotheka m'midzi yosiyana, kuti moto, madzi osefukira kapena maliro zisathetse zonse pamodzi. Gulu lingathe kubwereketsa mbewu nthawi yobzala, wobwereka n'kudzabweza yochulukirapo akakolola, koma yobwezedwayo iyesedwe isanasakanizidwe ndi yakale.

Mabungwe aakulu nawonso amachita chimodzimodzi. Nkhokwe ya mbewu ya ku Svalbard ku Norway, yomwe inatsegulidwa mu 2008, imasunga mbewu pa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo mbewu zonsezo zikusungidwanso m'nkhokwe zina. Nkhondo ya ku Syria itasokoneza nkhokwe ya bungwe lofufuza zaulimi la ICARDA mumzinda wa Aleppo, bungwelo linakatenga mbewu zake ku Svalbard mu 2015 n'kuzibzalanso ku Lebanon ndi ku Morocco. Mwa mabungwe ena ofufuza zaulimi, IITA ku Ibadan m'dziko la Nigeria imasunga khobwe, ICRISAT ku India imasunga mapira, mchewere ndi nandolo, CIMMYT ku Mexico imasunga chimanga, CIP ku Lima m'dziko la Peru imasunga mbatata. Mukapeza mtundu wosowa, perekani pang'ono ku nkhokwe ya mbewu ya dziko lanu, ndipo mtundu umene unatayika kwanu mungathe kuufunsa kumeneko. Pangano la mayiko la mbewu zaulimi la 2001, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2004, limavomereza ufulu wa alimi mu ndime 9, koma malamulo ogulitsira mbewu amasiyana dziko ndi dziko, choncho afufuzeni musanayambe malonda. Mbewu ya mufiriji imaima pomwe inasiyidwa, pomwe ya m'munda imazolowera mvula ndi matenda a chaka chilichonse. N'chifukwa chake ndimaona munda wa mlimi kukhala wofunika kuposa firiji.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani chimene bowa aliyense amadalira

Bowa amene timazula ndi chipatso chabe. Thupi lake ndi timaulusi toyera tomwe tili m'nthaka, mu chikuni kapena m'chulu chaka chonse. Akatswiri akuyerekeza kuti mitundu ya bowa ndi nkhungu padziko lonse ili pakati pa 2.2 ndi 3.8 miliyoni, koma yopatsidwa mayina ndi pafupifupi 150,000, ndipo yambiri yosadziwikayo ili m'mayiko otentha. Pa ntchito yathu, bowa wodyedwa tingamugawe patatu.

Gulu loyamba limakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo. Bowa amapatsa mtengo madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengo umapatsa bowa shuga. M'nkhalango za miombo za kumwera ndi pakati pa Africa, mitengo ya mombo, mchenga ndi msuku ndiyo imasunga manyame, ndelema ndi mitundu yambiri ya Russula ndi Lactarius. Ku Southeast Asia mitengo ya dipterocarp imagwira ntchito yomweyo. Bowa ameneyu simungamulime m'thumba la utuchi. Mtengo wake ukafa nayenso wafa.

Gulu lachiwiri ndi la Termitomyces, bowa wolimidwa ndi chiswe mu Africa ndi Asia. Chiswe chimatuta udzu ndi mitengo, n'kumanga zisa m'kati mwa chulu, bowa amamera pa zisazo n'kufewetsa chakudyacho, ndipo mvula ikagwa amaboola dothi n'kutulukira kunja. Termitomyces titanicus, amene anafotokozedwa ndi asayansi mu 1980 kuchokera ku Zambia, chipewa chake chimatha kufika mita imodzi m'mimba mwake. Wothira mankhwala m'chulu kapena wokumba mfumukazi ya chiswe wapha munda wa bowa umene sungabzalidwenso ndi manja a munthu.

Gulu lachitatu limadya zowola: zikuni, mapesi, udzu. Ili ndilo lingalimidwe, monga bowa wa oyisitala ndi Volvariella volvacea amene amalimidwa pa mapesi a mpunga ku Asia.

Chachisanu ndi chiwiri, lembani ndi kuzindikira bowa

Pitani kutchire ndi munthu amene wakhala akuzula bowa m'dera limenelo kwa zaka zambiri. Pa mtundu uliwonse lembani dzina, mwezi, mtengo umene uli pafupi, kapena ngati ndi pachulu. Jambulani pamwamba pa chipewa, timizere ta pansi pake, tsinde lonse ndi kumunsi kwake. Bowa wojambulidwayo mumukumbe yense osadula, chifukwa kathumba ka kumunsi kwa tsinde ndi mphete ya pa tsinde ndi zizindikiro zofunika. Onani ngati akutuluka mkaka kapena kusintha mtundu akathyoledwa. Kenako dulani chipewa, muchivundikire pa pepala lomwe theka ndi loyera theka lakuda, muphimbe ndi kapu usiku wonse. M'mawa mupeza fumbi la timbewu take, ndipo mtundu wa fumbilo umasiyanitsa bowa ofanana. Chlorophyllum molybdites, amene amadwalitsa anthu ambiri m'mayiko otentha, amaoneka ngati bowa wabwino wa ambulera koma fumbi lake ndi lobiriwira.

Apa ndilankhule mosapsatira. Palibe njira yachidule yodziwira bowa wapoizoni. Kudyedwa ndi tizilombo kapena nyama sikutsimikizira kanthu. Supuni kapena anyezi kusasintha mtundu mumphika sikutsimikizira kanthu. Kuwiritsa ndi kuyanika sikuchotsa poizoni wa Amanita phalloides, bowa wa ku Europe amene anafika m'mayiko ena pamodzi ndi mitengo yobwera monga paini ndi oki, ndipo akakhala wamng'ono amafanana ndi bowa wodyedwa wa gulu lomwelo la Amanita. N'chifukwa chake nzeru za m'nkhalango yachilengedwe siziyenera kutengedwa kupita nazo m'nkhalango yobzalidwa, ndipo wosamukira dera lina ayambirenso kuphunzira. Foni ndi chithunzi cha pa intaneti sizokwanira kuti muike bowa mumphika. Wosadziwika bwino asiyidwe.

Poizoni wa Amanita phalloides amachedwa. Kusanza ndi kutsekula m'mimba kumayamba pakatha maola 6 mpaka 24, kenako wodwala amaoneka ngati wachira pomwe chiwindi chikuwonongeka. Aliyense amene wadwala atadya bowa apite kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi onse amene anadya naye, atatenga zotsala za bowayo.

Chachisanu ndi chitatu, zulani mosamala ndi kuteteza malo

Kafukufuku wa zaka pafupifupi 30 m'nkhalango za ku Switzerland, wofalitsidwa mu 2006, anapeza kuti kuzula kapena kudula bowa sikunachepetse zokolola za zaka zotsatira, koma kupondaponda nthaka kunachepetsa bowa wophuka. Nkhalango zimenezo ndi za kozizira, komabe phunziro lake likugwirizana ndi momwe bowa amakhalira kulikonse: chofunika kutetezedwa chili pansi. Yendani m'tinjira timodzimodzi. Musapalase masamba ndi khasu pofunafuna ang'onoang'ono. Potokolani bowa pang'onopang'ono, mukwirire dzenje lake ndi dothi ndi masamba. Pachulu musakumbe mpaka kufika pa zisa za chiswe. Okalamba ndi obooka asiyeni amwaze timbewu tawo. Nyamulani mu dengu, chifukwa mu jumbo bowa amatuluka thukuta n'kuwola msanga, ndipo mitundu yosatsimikizika isakhale mu dengu limodzi ndi yodyedwa.

Kenako khalani pansi ndi eni malo ndi atsogoleri, muonetse pa mapu a pamanja malo amene amatulutsa bowa wambiri, n'kugwirizana zinthu zingapo. Mitengo yosunga bowa isadulidwe chifukwa cha makala. Pofunika nkhuni, dulani nthambi kapena musiye chitsa chotalikirapo, chifukwa mitengo ya miombo imaphukanso pa chitsa ndipo mizu yake ikakhala yamoyo bowa amakhala ndi pogwira. Moto wa kumapeto kwa chilimwe umatentha kwambiri n'kupha mitengo yaing'ono, choncho lambulani njira zotchinga moto, ndipo ngati kutentha n'kosapeweka kuchitike koyambirira udzu usanaumitsitse. Ziweto zisamadyetsedwe pa malowo m'nyengo ya bowa. Pobwezeretsa nkhalango yowonongeka, kusamalira zitsa ndi timitengo tomera tokha kumabweza bowa wamakolo, pomwe bulugamu ndi paini zimabwera ndi bowa wake wina.

Pa mtundu uliwonse umene mwalemba, umitsani bowa mmodzi kapena awiri athunthu pa kutentha kochepa mpaka atathetheka, muwatsekere m'botolo pamodzi ndi kapepala ka dzina, tsiku, malo ndi mtengo wapafupi. Ameneyu ndi amene mungapereke ku yunivesite kapena ku malo osungira zomera zouma kuti akamuzindikire bwino. Chaka chilichonse mvula ikatha, tsegulani kope lija, muyerekeze ndi chaka chapitacho: mtundu wa mbewu umene mabanja ake achepa uchulukitsidwe m'nyengo ikubwerayo, ndipo malo amene bowa wachepa muwayendere muone chimene chadulidwa, chapsa kapena chakumbidwa.